Nsungwi ya pa dooko lathu

Zimene ndinataya m'chaka chimodzi ndi izi.

Nyumba ya zipinda ziwiri, imene njerwa zake ndinaumba ndekha.
Dimba la m'mbali mwa Shire.
Ntchito yanga yoyamba.
Kudzutsidwa m'mawa ndi mwana wanga akufunafuna nsapato zake pansi pa bedi.
Dzina lachipongwe loti "a Dipuloma".
Esnala, mkazi wanga, amene anandipatsa dzinalo.

Pa zonsezi, chimene ndingathe kulemba ndi ntchitoyo. Anzanga a mu ofesi imene ndili tsopano akamva kuti ndinayamba ndi kuyeza mabwato amaseka, n'kufunsa ngati imeneyonso ndi ntchito. Ndi ntchito ndithu, ndipo ndifotokoza mmene inkayendera.

Ndinamaliza maphunziro a zoyeza malo ku koleji ndikukhulupirira kuti ntchito indipeza pakhomo. Ukwati ndiwo unayamba kundipeza. Kwathu ndi kutsidya kwa Shire, mbali ya Blantyre, koma monga mwa mwambo ndinakakhala kwawo kwa mkazi, pachikamwini, m'mudzi wina wa kumunsi kwa Neno kumene mtsinje umayenda modekha usanafike pa mathithi. Ndinayenda m'maofesi a ku boma mpaka alonda anayamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzawo. Yankho linali limodzi paliponse, loti adzandiimbira foni.

Tsiku lina Esnala anabwera kuchokera kudooko, beseni la zochapa lili pamutu, mwana wathu Pemphero ali kumbuyo. Asanatule n'komwe anati, "A Dipuloma, ntchito ija yapezeka. Koma tayi musiye."

"Ntchito yanji?"

"Yoyeza. Si ndiye munaphunzira? Komiti ya dooko ikufuna munthu woyeza mabwato. Ndawauza kuti kunyumba ndili naye wina, amangokhalira kuyeza mthunzi wa mlambe."

Malo athuwo anali osakanikirana. Kunali eni nthaka, kunali aphunzitsi ndi azaumoyo otumizidwa kuchokera m'maboma ena, kunalinso amalonda amene ankagulitsa ku Lisungwi koma anamanga nyumba zawo kufupi ndi madzi. Anthu onsewa ankagwiritsa ntchito dooko limodzi. Padookopo panali thandala la matabwa lolowera pang'ono m'madzi, lokhala ndi mizati yomangirira mabwato. Kumunsi kwake, pafupi ndithu, panali mpanda wa mitengo ya tsanya yokhomedwa m'matope mothithikana ndi kumangidwa ndi waya. Mpandawo unazungulira kachigawo ka madzi osaya, ndipo m'katimo ndimo amayi ankachapira, kutunga madzi ndi kusambitsa ana. Kunja kwa mpandawo kunali ng'ona.

Lamulo la kutalika kwa mabwato linachokera pamenepo. Bwato limamangidwa cha kumphuno, ndiye madzi akamayenda amalitembenuza, kumbuyo kwake n'kuloza kumunsi, kumene kuli mpanda. Bwato lalifupi limangoyandama osakhudza kanthu. Lalitali limagunda mitengo ya mpanda, pang'onopang'ono, usana ndi usiku, mpaka mtengo umodzi utagwedera n'kusiya mpata. Ine ndisanabwere m'mudzimo zinachitikapo. Ng'ona inalowa pa mpata wotero n'kugwira mayi wina mwendo. Anapulumuka, koma mpaka lero amayenda motsimphina. Amayi a m'mudzimo ndiwo anakakamiza kuti pakhale lamulo, ndipo anadula nsungwi yaitali, yofupikirapo pang'ono poyerekeza ndi mtunda wa pakati pa mzati womaliza ndi mpanda. Bwato lopitirira nsungwiyo linalibe malo padooko. Linkayenera kukakocheza kumchenga, malo ena a kumunsi, akutali ndi msewu, ofikako podutsa m'matope ndi m'bango.

Wapampando wa komiti anali Mayi Gomonda, namwino wopuma ntchito amene kale anali ku chipatala cha ku Chifunga. Anandilandira atakhala pa khonde akusenda nandolo. Ndinayamba kufotokoza za maphunziro anga, iwo n'kundidula.

"Zimenezo akazi anu atiuza kale. Ine ndikufuna ndidziwe chimodzi. Kukana mumatha?"

Ndinati ndikuganiza kuti ndimatha.

"Amene analipo inu musanabwere nayenso ankaganiza choncho. Anali munthu wabwino kwambiri, mwakuti aliyense anali mnzake. Katengeni nsungwi, ili kuseri kwa khitchini."

Malipiro anali ochepa, ochokera pa zopereka za mabanja. Zida zanga zinali nsungwiyo, chitini cha utoto wachikasu, burashi, nyundo yaikulu, pulayala, waya, ndi ndodo yokhala ndi ngowe yachitsulo kunsonga. Tsiku loyamba ndinatenganso tepi yanga ya ku koleji, koma Mayi Gomonda anati ndiisiye. Ananena kuti manambala a pa tepi amawaona woyeza yekha, pamene nsungwi imaonedwa ndi dooko lonse, ngakhale ndi munthu amene waima kumtunda.

Kuyeza kunkayenda motere. Bwato latsopano likafika, mwini wake ankalikokera m'mbali mwa thandala. Nsungwi yotalika chonchija sigwirika ndi munthu mmodzi, choncho mwini bwato ankagwira nsonga imodzi n'kuifanizira ndi mphuno ya bwato lake, ine n'kuyenda ndi nsonga inayo mpaka kumbuyo. Zinali dala kuti mwini wake agwire yekha, kuti asadzanene mawa kuti anamubera. Ngati mwini wake palibe kapena sangathe, ankagwira munthu wa pabanja pake. Popanda wogwira kumphuno, komiti sinkawerengera kuti bwato layezedwa. Bwato likakwana, ndinkapaka mzere wachikasu pamphuno pake, ndipo kuyambira pamenepo linali ndi mzati wake.

Mabwato atsopano sankabwera tsiku lililonse, ndiye ntchito yambiri inali yosamala mpanda. M'mawa uliwonse, amayi asanatsike ndi ndowa zawo, ndinkayenda m'kati mwa mpanda, madzi ali m'mawondo, kugwira mtengo uliwonse n'kuugwedeza. Wogwedera ndinkaukhoma ndi nyundo mpaka ulimbe, n'kukunganso waya ndi pulayala. Kenako ndinkachotsa namasupuni. Chomera chimenechi chimabwera choyandama kuchokera kumtunda, n'kuunjikana pampanda, ndipo ukachilekerera chimalemera mpaka kupendeketsa mitengo. Ndinkachikoka ndi ngowe n'kuchikankhira pakati pa mtsinje. Pomaliza ndinkaona zingwe za mabwato, chifukwa chingwe chachitali chimasandutsa bwato lalifupi kukhala lalitali. Asodzi ankadana nane pa zimenezi kuposa pa nsungwi.

Masiku amenewo ndimawakumbuka bwino kwambiri. Kutentha kwa kumunsi kwa Neno kumayamba dzuwa likangotuluka, koma padooko pankawomba kamphepo. Amayi ankachapa akunyogodola amuna awo, ndipo ine ndinali pafupi kwambiri kuti andisiye.

"Esnala, amuna akowa ku koleji anakaphunzira kugwedeza mitengo eti?"

"Asiyeni. Anu anaphunzira kugwedeza chiyani, kupatula botolo?"

Pemphero anali atayamba kuyenda, ndipo anali ndi malo ake pakona ya mpanda, pa mtengo womalizira, pamene madzi ankamulekeza m'miyendo. Ankagwira mtengowo ndi manja onse n'kumaugwedeza ngati mmene ankaonera ine ndikuchitira, kenako n'kundiyang'ana kuti ndivomereze kuti walimba.

Kukana ndinaphunzira pang'onopang'ono. Ndinakana mphunzitsi wina amene anagula bwato osaliyeza, ndipo anandiuza kuti iye ndi wa boma. Ndinakana msodzi wina dzina lake Fulaye, amene anapita n'kubwerera patapita masiku angapo atadula kumbuyo kwa bwato lake ndi sowo, atatseka ndi lata ndi phula. Linakwana ndendende. Anthu analitcha bwato loduka mchira, ndipo Fulaye ankandiuza nthawi zonse kuti likadzamira adzabwera kudzagona kunyumba kwanga. Onsewa anali anthu oti ndikawakana masana, madzulo tikhoza kumwera limodzi thobwa. Ndinayamba kuganiza kuti ntchitoyi ndaidziwa.

Tsopano ndinene za malume Jailosi. Anali mlongo wawo wa apongozi anga aakazi, ndiye kuti mwini mbumba. Bambo ake a Esnala anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo malume ndiwo anamulera ndi kumuphunzitsa sukulu. Ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wathu. Malo amene ndinamangapo nyumba anandilozera ndi iwo, dimba anandipatsa ndi iwo, ndipo pa nthawi imene ndinalibe ntchito sananditonzepo ngakhale kamodzi. Mkamwini amakhala pamudzi mwa chifundo cha munthu wotere. Mawu awo akanatha kundikhazika, akanathanso kundibweza kwathu.

Malume anali ndi khumbo la zaka zambiri, lokhala ndi boti la matabwa la injini lowolotsa anthu ndi katundu wawo. Anagulitsa mbuzi, anagulitsa ng'ombe, n'kukapangitsa botilo kwa amisiri a kumtunda kwa mtsinje. Esnala atandiuza kuti latsala pang'ono kufika, ndinafunsa kuti ndi lalitali bwanji.

"Malume munawaonapo akugula chinthu chaching'ono?" anatero. Anaseka, koma kuseka kwake sikunatalike.

Linafika Loweruka lina m'mawa, mvula itangosiya kumene, mtsinje ukadali wodzaza. Tinayamba kumva injini botilo lisanaoneke. Anthu anatsika kuchokera m'nyumba, amayi a pabanja anayamba nthungululu, ena anayala zitenje pathandala. Linali boti lokongola, lopakidwa utoto wobiriwira, matabwa ake akununkhirabe phula. Malume anaima kumbuyo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Anazimitsa injini, anaponya chingwe, n'kumanga pa mzati womaliza.

Madzi anachita ntchito yake. Botilo linatembenuka pang'onopang'ono, kumbuyo kwake kunatsetsereka kuloza kumunsi, kenako kunagunda mpanda. Silinali phokoso lalikulu. Koma amayi amene ankachapa m'katimo anaweramuka onse, ndipo wina ananyamula mwana wake kumuchotsa m'madzi.

Ndinapatuka pang'ono n'kuimbira foni Mayi Gomonda. Anali ku maliro ku Matandani, ndipo mawu ankadukaduka. Nditafotokoza anangoti, "Nsungwi ili komweko eti? Basi." Foni inaduka.

Pobwerera ndinapeza malume akundikodola. "Akamwini, bwerani. Woyamba kukwera mukhale inu, munthu wa sukulu. Mudzauze anzanu a ku koleji kuti kuno nakonso kuli zinthu."

Ndinavula chipewa n'kunjuta pambali pawo, monga ndinkachitira nthawi zonse poyankhula nawo. Ndinati, "Malume, boti ndi labwino kwambiri. Koma ndisanakwere, pali mwambo wa padooko uja."

"Mwambo uti?"

"Nsungwi, malume."

Anaseka, anthu enanso n'kuseka nawo. "Nsungwi ndi ya obwera. Mizati imeneyi ndinakhoma nawo ine, inu musanadziwe n'komwe kuti kuli mtsinje wotchedwa Shire."

Ndinati ndikudziwa, koma lamulo silinasiye munthu aliyense kunja. Kuseka kunatha. Wina kumbuyo kwa gulu anakuwa kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo ena anavomereza. Malume anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, koma moti onse amve, "Chimanga chimene mwadya chaka chino chinachokera m'dimba la yani?"

"La inu, malume."

"Nanga nyumba mukugonamo ili pa nthaka ya yani?"

"Ya inu."

"Ndiye kayezeni mabwato a anzanu."

Ndinadzuka, ndinakatenga nsungwi pamene inkakhala, n'kubwera nayo pathandala. Ndinapempha malume kuti agwire kumphuno. Anapinda manja pachifuwa. Ndinayang'ana ana awo aamuna, iwo anayang'ana kutsidya. Ndinayang'ana achibale ena mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapeza china choti aone. Ngakhale Fulaye, amene sanali wa pabanjapo ndipo sakanaloledwa kugwira, anayamba kusoka ukonde umene unalibe chibowo. Onse ankadziwa mmene lamulo linalili. Popanda wa pabanja wogwira kumphuno, botilo silikanayezedwa, ndipo boti losayezedwa sindikanatha kulikana. Likanakhala pomwepo mpaka Mayi Gomonda atabwera, ndipo chinthu chikagona pamalo masiku angapo chimavuta kuchichotsa.

Ndinaima choncho ndi nsungwi m'manja, botilo likugunda mpanda mwakachetechete, kusiya, n'kugundanso.

Esnala anatuluka mu mpanda thovu la sopo lili m'mikono. Anasiya Pemphero m'manja mwa mayi wina, anapukuta manja pa chitenje, n'kukwera pathandala. Sanayang'ane ine. Anapita kwa malume ake, anagwada, n'kunena kuti, "Malume, pepani." Atatero anadzuka, anatenga nsonga ya nsungwi n'kuifanizira ndi mphuno ya boti.

"Esnala," anatero malume. "Iwe ndakulera ine."

"Eya malume, munandilera, sindinaiwale. Nanenso ndikufuna ndimulere uyo mpaka akule." Analoza ndi mutu kumene kunali Pemphero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndagwira. Yezani."

Ndinayenda ndi nsonga yanga m'mbali mwa boti. Nsungwi inatha boti likupitirirabe, kuposa mkono wa munthu wamkulu. Panalibe amene anafunika kuuzidwa, koma lamulo linali loti woyeza anene ndi pakamwa. Ndinaika nsungwi pansi, ndinagwada pa matabwa otenthawo, n'kunena kuti, "Malume, boti lapitirira. Malo ake ndi kumchenga."

Sanakalipe. Anavula jekete, analipinda bwinobwino, n'kumasula chingwe ndi manja awo. Asanalize injini anati, "Mwandichititsa manyazi pamaso pa mbumba yanga, nonse awiri." Amayi anatola zitenje zawo pathandala. Botilo litachoka ndinalowa m'madzi kukaona mpanda. Mitengo iwiri inali itayamba kale kugwedera.

Zotsatira zake sizinachedwe. Theka la dimba linapatsidwa kwa msuweni wina. Moni wanga kwa malume unkagwera pansi. Apongozi anasiya kutitumizira ndiwo monga ankachitira, ndipo tinamva kuti nkhani yondibweza kwathu inakambidwapo pakati pa akuluakulu a banja. Mayi Gomonda atabwera anangondigwira paphewa n'kufunsa ngati utoto udakalipo. Cholemera chenicheni chinagwera Esnala, chifukwa ine ndinali mlendo, pamene iye anali mwana wa pakhomopo. Azakhali ake ankamunena kuti wagulitsa malume ake chifukwa cha mwamuna. Sanandidandaulirepo. Nditamufunsa tsiku lina ngati akunong'oneza bondo, anati, "Mukanakhala munthu wosiya nsungwi pansi tsiku lija, bwenzi ndikunong'oneza bondo pa zina."

Iye yemweyo ndiye anabwera ndi nzeru ya kumchenga. Anthu okwera boti la malume ankavutika kufikako, makamaka amayi osenza madengu a tomato, ndipo ena anayamba kubwerera ku mabwato ang'onoang'ono. Esnala anati, "Mwawathamangitsira kumatope. Nanga sukulu yanu ija singakonze matope?" Pamenepo ndiye tepi yanga inagwira ntchito. Ndinayeza njira kuchokera kumsewu, ndinapeza podutsa pokwererapo, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi tinkapita awiri kukatchetcha bango, kuyala miyala ndi kukhoma mizati ya tsanya pomwe boti lingamangidwe popanda chogunda. Patapita nthawi Fulaye anayamba kubwera, kenako ana a malume. Malume ankationa ali m'boti lawo. Sanathokoze, sanatiletsenso. Nkhani yondibweza kwathu inangozilala yokha.

Zimene ndinaphunzira pa ntchitoyo ndi ziwiri, ndipo ndimazigwiritsabe ntchito tsopano pamene ndimayeza malire a minda ya anthu okangana. Choyamba, ukamukaniza munthu malo, ntchito yako sinathe. Umusonyeze ena, ndipo ngati ndi oipa upite ukathandize kuwakonza. Chachiwiri, lamulo ngakhale likhale lolondola chotani, woyeza payekha sangaliimike. Pamafunika wina wa m'nyumba momwemo wolola kugwira kumphuno, ndipo amene amalipira kwambiri ndi iyeyo, osati woyeza.

Esnala anayamba kudwala chaka chotsatira, nthawi ya masika. Matenda ake sindiwafotokoza pano. Anayamba ngati kutopa chabe, ndipo ankapitabe kudooko, kungoti ankachapa atakhala pansi. Atatiuza ku chipatala chaching'ono kuti apite ku Lisungwi akagonekedwe, tinagwirizana kuti apite ndi amayi ake, popeza wodikirira m'chipinda cha amayi amayenera kukhala wamkazi, ine nditsale ndi mwana tsiku limenelo n'kuwatsatira m'mawa mwake. Palibe amene ankaganiza kuti ndi ulendo waukulu. Nditafika m'mawa mwakemo ndinamupeza sakuyankhulanso. Anamwalira tsiku lachiwiri lake.

Maliro atatha, n'kumeta kutachitika, inafika nthawi yondisudzula, ndiko kumasula mwamuna wofedwa kuti abwerere kwawo. Anachita mwaulemu. Palibe amene anandithamangitsa, ndipo ena anati ndikhoza kukhalabe, koma mkamwini wopanda mkazi pamudzi amakhala ngati mbuzi ya eni yosokera m'khola. Pemphero anatsala ndi agogo ake, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Nsungwi, nyundo ndi chitini cha utoto ndinakazisiya kuseri kwa khitchini ya Mayi Gomonda, pomwe ndinazitenga.

Tsiku lonyamuka ndinkafuna kukwera bwato la Fulaye, koma malume anatuma uthenga woti ndipite kumchenga. Ndinayenda m'njira ya miyala ija ndi chikwama changa. Ndinawapeza ali okha m'boti, atabweza anthu ena onse amene ankafuna kuwoloka. Kuchokera tsiku la nsungwi lija ndinali ndisanalikwerepo.

"Kwerani, akamwini," anatero. "Ndinanena kale kuti mudzakwera."

Kuti boti liwoloke bwino kuchokera kumchenga, limayamba lakwera chakumtunda motsata gombe, kenako n'kudula mtsinje mopingasa. Choncho tinadutsa pafupi ndi dooko. Amayi anali mu mpanda monga mwa masiku onse. Ndinaona apongozi akuchapa, ndi Pemphero ataima pakona pake atagwira mtengo wake. Titatsala pang'ono kufika pampandapo, malume anazimitsa injini, anatenga nkhafi n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono, munthu wachikulire, boti lolemera, motsutsana ndi madzi. Ndinatenga nkhafi inayo n'kuwathandiza. Titaupitirira mpanda analizanso injini.

"Mafunde a injini amagwedeza mitengo," anatero osandiyang'ana. "Ndimazimitsa nthawi zonse."

Ndimapitako mwezi ukatha kukaona mwana. Nsungwi ili ndi munthu wina tsopano, mphunzitsi wamkazi amene ndamva kuti kukana amatha kuposa ine. Ndikafika ndimayamba ndatsikira kudooko, n'kuvula nsapato, n'kulowa mu mpanda. Sindigwedeza mitengo yonse, si ntchito yanganso. Ndimangogwira wa pakona. Ndi womwe uja ndinaukhoma masana a tsiku limene Esnala ananyamuka, ndipo udakalimba.

M'mawa wa tsikulo njinga yamoto inabwera kudzawatenga pakhomo. Amayi ake a Esnala anakwera kumbuyo kwake kuti amugwirizize. Esnala anali atafunda chitenje ngakhale dzuwa linali litakwera. Ndinamupatsira kachikwama kake, ndipo woyendetsa atayamba kuliza njinga iye anamugwira paphewa kuti adikire kaye. Ndinasendera pafupi, ndikuganiza kuti waiwala mankhwala kapena foni.

"A Dipuloma, mtengo wa pakona uja wayamba kugwedera, ndinauona dzulo. Mukaukhome lero lomwe, musadikire mawa. Pemphero amakonda kuima pomwepo."